Tsiku limodzi kuminda ya vinyo wa thovu: kakonzedwe ka ulendo wochokera ku Cape Town

Mlendo akabwera kuchokera kumudzi, ambiri a ife okhala ku Cape Town timamutengera ku Table Mountain ndi ku Waterfront, akajambulitsa n'kubwerera kunyumba. Malo amenewo ndi okongola ndithu. Koma mukangoyenda ola limodzi kulowera kuvuma mumafika m'zigwa za Stellenbosch ndi Franschhoek, kumene amapanga vinyo wa thovu wotchedwa Cap Classique. Ndaperekezako abale kangapo, ena akumwa, ena oti mowa salawa n'komwe, ndipo onse anabwerako ali ndi nkhani. Ulendowu umakoma mukachita zinthu zitatu: kuchepetsa mafamu oti muyendere, kupatsa famu iliyonse nthawi yokwanira, ndiponso kusiyira chiwongolero munthu amene sakumwa. Zina zonse zimene ndalemba m'munsimu zikuchokera pamenepa.

Dziwani kaye chimene mukukalawa

Si vinyo aliyense wotulutsa thovu amene ali Cap Classique. Pali njira zitatu zolowetsera thovu m'vinyo. Yotchipa ndi yopopera mpweya m'vinyo monga amachitira ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Yachiwiri ndi yowiritsa vinyo kachiwiri m'thanki yaikulu yotseka, monga amapangira Prosecco ku Italy. Yachitatu, imene ili yodula ndi yochedwa, ndi yowiritsa vinyo kachiwiri m'botolo lomwelo limene mudzagule. Njira yachitatuyi ndiyo ya ku Champagne m'dziko la France, ndipo ku South Africa ndi vinyo wopangidwa motere yekha amene amaloledwa kulembedwa kuti Cap Classique kapena Méthode Cap Classique. Ambiri amangofupikitsa kuti MCC.

Kwa ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Aliyense amene anaiwalapo thobwa m'botolo lapulasitiki lotseka amadziwa mmene botololo limatupira ndi mmene limafokera potsegula. Paketi ya Chibuku imakhala ndi kabowo pamwamba pa chifukwa chomwecho: mowa ukuwirabe ndipo mpweya ukufuna potulukira. Opanga Cap Classique amautsekera dala mpweyawo m'botolo lagalasi lochindikala kuti usungunuke m'vinyo.

Nanga bwanji sangomutchula kuti Champagne? Dzinalo ndi la dera la ku France, ndipo South Africa inalisiya kalekale. Mu 1935 maiko awiriwa anachita pangano loti France azigula nkhanu zam'nyanja za ku South Africa, ndipo South Africa asiye kulemba maina a madera a ku France pa mabotolo ake. Woyamba kupanga vinyo wowira m'botolo kuno anali Frans Malan wa famu ya Simonsig ku Stellenbosch, mu 1971. Anamutcha Kaapse Vonkel, ndipo poyamba anagwiritsa ntchito mphesa za Chenin Blanc. Dzina loti Cap Classique linadza pambuyo, mu 1992, pamene opanga vinyoyu anakhazikitsa bungwe lawo. Mbiri yaifupi imeneyi mukaidziwa, mudzamva mosavuta zimene azikufotokozerani kumafamuko, ndipo simudzalipira ulendo wa Cap Classique n'kukamwetsedwa vinyo wopopera mpweya.

Sankhani chigwa ndi tsiku

Stellenbosch ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pakati pa Cape Town, ndipo Franschhoek ili pa makilomita pafupifupi 75. Zigwa ziwirizi zimalumikizana ndi msewu wa R310 wodutsa pa Helshoogte Pass, kotero n'zotheka kuziyendera zonse pa tsiku limodzi popanda kuthamanga. Ulendo woyamba ndimalangiza umenewu.

Robertson ndi nkhani ina. Kumeneko ndiko kuli Graham Beck, amene vinyo wake anamwedwa pa mwambo wolumbiritsa Nelson Mandela mu 1994 ndiponso pamene Barack Obama ankakondwerera chisankho cha 2008. Koma ndi makilomita pafupifupi 160, maola awiri kupita ndi awiri kubwera. Ngati mtima uli komweko, lipatseni tsiku lakelake, musaliphatikize ndi Franschhoek. Amene ali ndi theka la tsiku lokha apite ku Constantia, mkati mwa Cape Town momwemo, kumene famu ya Steenberg imapanganso Cap Classique.

Za nyengo: kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumatentha kwambiri, ndipo m'zigwamo kutentha kumaposa madigiri 30 kawirikawiri. Disembala ndi mwezi wa tchuthi, anthu amachuluka ndipo malo amatha msanga. Januwale ali ndi ubwino wake, chifukwa mphesa za vinyo wa thovu ndizo zimayamba kuthyoledwa, zina zonse zisanapse. Mukapita nthawi imeneyo mudzaona mathirakitala akukoka mabokosi a mphesa, koma opanga vinyo amakhala otanganidwa ndipo sakhala ndi mpata wocheza. Malichi ndi Epulo ndi miyezi imene ine ndimaikonda: dzuwa lafewa, masamba a mpesa ayamba kufiira, anthu achepa. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti ndi nyengo ya mvula ndi chisanu, koma molawiramo mumakhala moto wa nkhuni ndipo amene akukulandirani amakhala ndi nthawi yoyankha mafunso. Pakati pa sabata ndi bwino kuposa Loweruka. Lamlungu mafamu ena amatseka kapena kuweruka msanga, choncho imbani foni musanakhazikitse tsiku.

Pezani wokutsogolerani

Apa ndiye pagona ulendo wonse, ndipo ndipempha kuti musafulumire.

Lamulo la pamsewu ku South Africa limati woyendetsa galimoto asafike pa magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo kwa madalaivala onyamula anthu malire ndi 0.02. Kulawa pa famu imodzi yokha kungakufikitseni pamenepo. Misewu ya kumeneko ndi yokhotakhota, ina yokwera mapiri, ndipo m'mbali mwake mumayenda anthu ochokera ku ntchito ndi ana asukulu. Maganizo oti mnzathu uja angolawa pang'ono n'kutiyendetsa achotseretuni. Ine ndinaonapo gulu la anzathu likukangana pamalo oimika galimoto madzulo chifukwa amene analonjeza kuti samwa anali atamwa, ndipo galimoto inagona komweko.

Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kulowa ulendo wa gulu, wa minibasi yonyamula anthu khumi kapena kuposerapo, imene imakutengani ku hotela kapena pamalo ogwirizana m'tauni. Ndi yotchipirapo, koma mafamu amasankha ndi akampani, ndipo ambiri mwa maulendowa ndi a vinyo wamba, Cap Classique amangopezekamo tambula imodzi. Yachiwiri ndi kulemba wotsogolera alendo wanuwanu ndi galimoto yake. Mukakhala anthu anayi kapena asanu n'kugawana mtengo, kusiyana kwake ndi ulendo wa gulu sikukhala kwakukulu, ndipo mumasankha nokha kopita. Yachitatu ndi Franschhoek Wine Tram, kasitima ndi timabasi tozungulira mafamu, kamene kanayamba mu 2012. Mumatsika pa famu, n'kudzakweranso kakabwera ulendo wina. N'kosangalatsa, makamaka kwa gulu la achinyamata, koma muyenera kupeza kaye njira yofikira ku Franschhoek ndi yobwererako, ndipo muonetsetse kuti njira imene mwasankha, poti zilipo zingapo zotchulidwa ndi mitundu, ikudutsa pa mafamu a Cap Classique. Kwa munthu wofuna kumvetsa mmene vinyoyu amapangidwira, njira yachiwiri ndiyo yabwino.

Safunsa anadya phula. Musanalipire kalikonse, funsani izi ndipo mayankho akhale olembedwa pa WhatsApp kapena pa imelo. Kodi wotsogolerayo ndi wolembetsedwa ku boma? Lamulo la zokopa alendo la 2014 limafuna kuti aliyense wogwira ntchitoyi alembetse, ndipo wolembetsa amakhala ndi baji ndi chiphaso. Kodi ali ndi chilolezo chonyamula anthu, chimene kuno amati PrDP? Ndi mafamu ati, maina ake, amene mukayendere? Kodi ndalama zolawira zili kale mu mtengowo kapena mukalipira panokha? Nanga nkhomaliro? Kodi pa famu imodzi mukalowa mosungira vinyo, kumene amati cellar, kapena n'kungokhala patebulo? Mukasintha tsiku, ndalama amabweza motani? Wotsogolera wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi mafunso otere. Amene akuzemba kutchula maina a mafamu, kapena akufuna ndalama yonse ku akaunti ya munthu popanda lisiti, msiyeni.

Muuzeninso za gulu lanu. Ngati muli ndi amayi kapena agogo ovutika kukwera masitepe, anene ndi mafamu ati ali ofikika. Ngati pali osamwa, akonzeretu madzi a mphesa a thovu, amene mafamu ambiri amakhala nawo. Ana osakwana zaka 18 sapatsidwa vinyo, ndipo si famu iliyonse ili ndi poseweretsa ana.

Mafamu atatu, osapitirira

Mudzaona maulendo olonjeza mafamu asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Famu iliyonse imakupatsani mitundu inayi kapena isanu yoti mulawe. Pofika famu yachinayi lilime latopa, zonse zikungomveka chimodzimodzi, ndipo mukungoyang'ana wotchi. Atatu ndi okwanira: imodzi m'mawa yoti muphunzirepo, ina ya nkhomaliro, ina ya masana yoti mukhale phee.

Kumbali ya Stellenbosch, yambirani ku Simonsig, poti ndi pomwe zinayambira ndipo famuyo ikadali m'manja mwa banja la a Malan. Pafupi pomwepo, ku Koelenhof, pali Villiera, imene kale inali ya banja la a Grier ndipo inayamba kupanga vinyo wa thovu m'zaka za m'ma 1980 mothandizana ndi Jean-Louis Denois wa ku France. Villiera ilinso ndi malo osungira nyama zakutchire, ndipo mukasungitsiratu malo amakuyendetsanimo pagalimoto, zimene zimakondweretsa osamwa ndi ana. Ku Devon Valley kuli J.C. Le Roux, dzina limene ambiri timalidziwa kuchokera ku maukwati. Kumeneko amapanga mitundu yonse iwiri, wopopera mpweya ndi Cap Classique, kotero mukaika matambula awiri a vinyo wawo pamodzi mudzamva nokha kusiyana kwake.

Ku Franschhoek kuli Haute Cabrière, pa msewu wokwera phiri, kumene banja la a von Arnim limapanga vinyo wotchedwa Pierre Jourdan m'nyumba yokumbidwa m'mbali mwa phiri. Famuyi imadziwika ndi mwambo wotsegula botolo ndi lupanga, ndipo ngati mukufuna kuuona funsiranitu tsiku ndi nthawi. Kulinso Le Lude ndi Colmant, mafamu aang'ono amene ntchito yawo yaikulu ndi Cap Classique. Mafamu aang'onowa amafuna kuimbiratu foni. Boschendal, imene inayamba mu 1685, ili panjira pakati pa matauni awiriwa, ndipo ili ndi mitengo ya mthunzi ndi malo aakulu odyera.

Tsiku likhoza kuyenda motere. Kunyamuka m'tauni cha m'ma 8:30, kufika ku Simonsig kapena Villiera cha m'ma 10, kukwera Helshoogte chakumasana, kudya ku Boschendal kapena m'tauni ya Franschhoek, famu yomaliza cha m'ma 2:30, n'kubwerera kudzera ku Paarl ndi msewu wa N1. Ubwino wake ndi woti m'mawa galimoto zambiri zimalowa m'tauni inu mukutuluka, madzulo zimatuluka inu mukulowa.

M'mawa wa tsikulo

Idyani chakudya chogwira m'mimba. Phala, mazira ndi buledi, ngakhale mkute wa nsima ngati ulipo. Vinyo wa thovu amakwera kumutu msanga kuposa vinyo wamba, ndipo pamimba yopanda kanthu amagwetsa munthu isanakwane 11 koloko. Tengani botolo la madzi, chipewa, juzi yopepuka poti mosungira vinyo mumazizira ngakhale kunja kukutentha, ndi nsapato zafulati chifukwa mudzaponda miyala ndi simenti yonyowa. Perefyumu wamphamvu msiyeni tsiku limeneli, amaphimba fungo la vinyo kwa inu ndi kwa oyandikana nanu. Nyamulani chiphaso ndi khadi ya kubanki, poti mafamu ena salandira ndalama zapamanja.

Mosungira vinyo: apa khalanipo

Ngati pa ulendo wonse pali ola limodzi loti musaliphonye, ndi limeneli. Kulawa mungathe kulawa ngakhale kunyumba, koma kuona mabotolo masauzande atagona mumdima n'kumva chimene chikuchitika m'kati mwake kumatheka kuno kokha.

Adzayamba ndi mphesa. Zodziwika kwambiri ndi Chardonnay, yoyera, ndi Pinot Noir, yakuda, ndipo ena amaonjezera Pinot Meunier, Chenin Blanc kapena Pinotage. Amazithyola zisanapsetse, shuga akadali wochepa ndipo zikadali zowawasa, chifukwa kuwawasako ndiko kumasunga vinyo kuti asafooke pa zaka zimene akhale m'botolo. Amazifinya pang'onopang'ono kuti khungu la mphesa zakuda lisadetse madzi. N'chifukwa chake mphesa yakuda imatha kutulutsa vinyo woyera, chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Madziwo amawira koyamba n'kukhala vinyo wopanda thovu, wowawasa kwambiri, wa mphamvu ya maperesenti 10 kapena 11. Mukapita nthawi yake, pemphani akulawitseni ameneyu. Sakoma, koma mukamulawa mudzamvetsa kutalika kwa ulendo umene amayenda.

Kenako amasakaniza vinyo wa minda yosiyanasiyana, nthawi zina wa zaka zosiyanasiyana, n'kuthiramo shuga, pafupifupi magalamu 24 pa lita, pamodzi ndi yisiti. Amathira m'mabotolo n'kutseka ndi kachitsulo konga ka botolo la mowa. Yisiti imadya shugayo, mphamvu ya vinyo imakwera kufika cha pa maperesenti 12, ndipo mpweya umasowa kothawira. M'botolo lotere mpweya umafika pafupifupi 6 bar, kuwirikiza pafupifupi katatu wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Mukanyamula botolo lopanda kanthu mudzamva kulemera kwake, ndipo chifukwa chake n'chimenechi.

Shuga akatha, yisiti imafa n'kukhala nsenga pansi pa botolo. Apa ndi pamene pali chinsinsi. Vinyo amasiyidwa atagona pa nsengazo, ndipo pang'onopang'ono zimamupatsa fungo la buledi wongophula kumene, la bisiketi, nthawi zina la mtedza wokazinga, komanso thovu limasanduka laling'onoling'ono ndi lofewa pakamwa. Malamulo a Cap Classique amafuna miyezi yosachepera 12, koma mafamu ambiri amasunga vinyo wawo wapamwamba zaka zitatu, zisanu, ngakhale kuposerapo. Funso labwino kwambiri limene mungafunse pa famu iliyonse ndi lakuti vinyo uyu wakhala miyezi ingati pa nsenga. Yankho lake limakuuzani chifukwa chimene botolo lina likudulira kuposa linzake, ndipo amene akukufotokozeraniyo amadziwa pomwepo kuti mukutsatira.

Vuto lotsala ndi kuchotsa nsengazo popanda kutaya mpweya. Mudzaona matabwa awiri otsamirana okhala ndi mabowo, mabotolo atalowetsedwa chamutu. Kale munthu ankadutsa tsiku lililonse n'kumapotoza botolo lililonse pang'ono, n'kumaliimika pang'onopang'ono, kwa milungu ingapo, mpaka nsenga zonse zitasonkhana kukhosi. Mafamu ena amachitabe ndi manja pa vinyo wawo wapadera, koma ambiri ali ndi makina onga khola lachitsulo lonyamula mabotolo pafupifupi 500, limene limamaliza ntchitoyi m'sabata imodzi. Akatero amaviika khosi la botolo m'madzi ozizira koopsa mpaka nsengazo zitaundana. Akachotsa kachitsulo kaja, mpweya umakankhira kachibulumako kunja. Amadzazanso botolo ndi vinyo pang'ono wosakaniza ndi shuga, n'kukhomera chotsekera chake chenicheni, n'kuchimanga ndi waya.

Shuga womalizayu ndiye amasiyanitsa maina amene mumawaona pa mabotolo. Brut Nature ali ndi magalamu osafika 3 pa lita, Extra Brut sapitirira 6, Brut sapitirira 12, pamene Demi-Sec ali pakati pa 32 ndi 50. Mafamu ambiri a kuno amalemba kuti Nectar pa vinyo wotsekemerayu. Blanc de Blancs ndi wa mphesa zoyera zokha. Botolo lolembedwa chaka ndiye kuti mphesa zake n'za chaka chimenecho, ndipo lolembedwa NV ndi losakaniza zaka.

Patebulo lolawira

Adzakuikirani matambula motsatana, kuyambira wosatsekemera kumalizira wotsekemera. Tsatirani ndondomekoyo, chifukwa mukayamba ndi Nectar, ena onse adzamveka owawasa. Gwirani tambula kumwendo kuti dzanja lisatenthetse vinyo. Yang'anani thovu, nunkhizani, kenako imwani pang'ono n'kumusunga pakamwa kamphindi. Osaipukusa tambula mwamphamvu monga amachitira ndi vinyo wofiira, mungathamangitse thovu.

Musachite manyazi ndi mawu. Mudzamva anthu akutchula zipatso ndi maluwa a ku Ulaya amene simunawaonepo. Inu nenani zimene mphuno yanu ikudziwa. Ngati mukumva mandimu, nenani mandimu. Ngati vinyo wofiirira akukukumbutsani sitiroberi za pa phiri la Zomba, kapena kuwawasa kwa malambe, n'zoona zimenezo, ndipo amene akukuthirirani amakondwa kumva zatsopano. Ndipo ngati amene wakukomerani ndi wotsekemera, nenani mosabisa. Ambiri amene tinakula ndi tiyi wa shuga wambiri timayambira pamenepo, ndipo palibe cholakwika.

Patebulo padzakhala kachidebe. N'kolavuliramo ndi kutayiramo vinyo wotsala. Kwathu kulavula pamaso pa anthu, makamaka akuluakulu, ndi mwano, ndipo kusiya chimene wapatsidwa kumaoneka ngati kunyoza. Kuno si choncho. Opanga vinyo eniake amalavula, ndipo palibe amene angakuoneni moipa mukataya theka la tambula. Afotokozereni zimenezi akuluakulu amene mwawatenga musanafike, kuti asadzikakamize kumaliza chilichonse poopa kukhumudwitsa eni malo. Pa tambula iliyonse ya vinyo imwaninso madzi.

Nkhomaliro, ndi zimene muone panjira

Sungitsanitu malo odyera, makamaka Loweruka ndi mwezi wa Disembala. Cap Classique amayenda bwino ndi zakudya zamchere ndi zamafuta: nsomba yokazinga, tchipisi, nkhuku, tchizi. Kuwawasa kwake kumatsuka mafuta pakamwa. M'malesitilanti mwambo wake ndi kusiya ndalama yothokozera ya maperesenti 10 kapena kuposerapo, ndipo wotsogolera wanunso, ngati wakusamalirani bwino, mumuganizire. Musadabwe woperekera zakudya akamva mukuyankhula Chichewa n'kukupatsani moni wa kwathu. Abale athu ambiri akugwira ntchito m'malesitilanti, m'nyumba zogona alendo ndi m'minda ya maluwa m'zigwa zimenezi.

Pali mbali ina ya ulendowu imene sindifuna kuti muidumphe. Nyumba zoyera zokongolazo ndi minda yakaleyo zinamangidwa ndi kulimidwa ndi akapolo, ochokera ku Madagascar, ku Mozambique, ku India ndi ku zilumba za Indonesia. Wotsogolera aliyense adzakuuzani za Simon van der Stel amene anakhazikitsa Stellenbosch mu 1679, ndi za Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo amene anafika mu 1688 n'kupatsa Franschhoek dzina lake. Mufunseninso za Pniel, kamudzi kamene mudzadutse mukangotsika Helshoogte. Kanakhazikitsidwa mu 1843 ngati mishoni ya anthu amene anali atangomasulidwa ku ukapolo, ndipo zidzukulu zawo zikukhalabe pomwepo. Mufunseni za mchitidwe wa dop, wolipira antchito a m'mafamu mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo. Lamulo linauletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma unapitirira m'mafamu ena mpaka m'ma 1990, ndipo mabala ake, uchidakwa ndi ana obadwa ovulazidwa ndi mowa ali m'mimba, akuonekabe m'dera lino. Wotsogolera wabwino amayankha zimenezi mosazemba. Pogula vinyo mungathe kuyang'ananso chizindikiro cha WIETA kapena cha Fairtrade, zimene zimasonyeza kuti famuyo imayenderedwa pa nkhani ya kasamalidwe ka antchito. Anthu amene muwaone akudulira mpesa padzuwa apatseni moni, ndipo musawajambule musanapemphe.

Pobwerera, pemphani kuti mudzere msewu wa R301 wopita ku Paarl. Pamenepo pali ndende ya Drakenstein, imene kale inkatchedwa Victor Verster, kumene Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990. Pachipata pali chiboliboli chake atakweza chibakera. Kuima pamenepo kumangotenga mphindi khumi, ndipo kwa akuluakulu amene anamva nkhaniyo pa wailesi tsiku limenelo, nthawi zambiri ndi pamene pamawakhudza kuposa pena paliponse.

Kugula ndi kufika nazo kunyumba

Musagule pa famu yoyamba chifukwa cha chisangalalo. Lembani pafoni dzina la amene wakukomerani, ndipo funsani ngati amapezeka m'masitolo a m'tauni. Amene ali ponseponse mudzamugula tsiku lina. Pafamu gulani amene sapezeka kwina. Mafamu ena amachotsera ndalama yolawira mukagula mabotolo angapo, ndipo ambiri amatumiza katoni kunyumba kwanu ngati mukukhala m'dziko momwemo.

Mdani wamkulu wa vinyoyu ndi kutentha. Botolo lisakhale m'buti ya galimoto yoima padzuwa. Otsogolera ambiri amayenda ndi bokosi loziziritsira, afunseni. Ngati mukupita nalo kumudzi pandege, liyenera kulowa m'chikwama chachikulu chopita pansi, osati cham'manja. Likulungeni ndi zovala, liikeni pakati, ndipo funsiranitu kuchuluka kwa mowa umene mukuloledwa kulowa nawo popanda msonkho. Pa basi ya masiku awiri kapena atatu yodutsa ku Beitbridge ndi ku Tete, kumene kutentha kwake mukukudziwa, ndi bwino kunyamula botolo limodzi kapena awiri m'chikwama chokhala nacho pampando kusiyana ndi katoni yonse pansi pa basi.

Kunyumba lisungeni pamalo amdima ndi ozizira. Tsiku lomwa, liikeni m'firiji maola atatu kapena m'ndowa ya madzi ndi ayezi kwa theka la ola, kuti lifike pa madigiri 6 mpaka 8. Lomwe langofika pa ulendo lipumitseni tsiku limodzi kapena awiri. Potsegula, chotsani pepala lonyezimira, ikani chala chachikulu pamwamba pa chotsekera, ndipo musachichotsepo pamene mukumasula waya. Lozetsani botolo kumene kulibe munthu, nyali kapena windo, poti chotsekeracho chikathawa chimatha kuphulitsa diso. Lipendeketseni, gwirani chotsekera ndi dzanja limodzi, n'kumapotoza botololo ndi dzanja linalo pang'onopang'ono mpaka mpweya utatuluka mwakachetechete. Thirani pang'ono m'tambula iliyonse, dikirani thovu litsike, kenako onjezerani. Botolo la mamililita 750 limakwanira anthu asanu ndi mmodzi.